Mafakitale pa bwalo la ndeke la Ndola: adzagula ndani, nanga madzi adzapita kuti?

Pa 5 Ogasiti 2021, kutatsala sabata imodzi kuti dziko liponye mavoti, Pulezidenti Edgar Lungu anatsegula bwalo la ndeke latsopano la Simon Mwansa Kapwepwe. Bwaloli lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 15 kumadzulo kwa tauni ya Ndola, chakufupi ndi msewu waukulu wa ku Kitwe komanso malo achikumbutso pamene ndeke ya Dag Hammarskjöld inagwera mu 1961. Linamangidwa ndi kampani ya ku China ya AVIC International pa mtengo wa madola 397 miliyoni, ndipo zambiri mwa ndalamazo zinali ngongole. Msewu umene ndeke zimathamangapo ndi wotalika mamita 3,500, pamene nyumba ya apaulendo anaikonza kuti izilandira anthu 1 miliyoni pa chaka. Ndeke zitasamukira kumeneko mu Okutobala, bwalo lakale la ku Itawa linapita m'manja mwa asilikali a ndeke ndipo tsopano likutchedwa Peter Zuze.

Chitsegulireni bwaloli, pali ganizo limene limabwerabwera m'makambirano athu kuno ku Migodi. Akuti thengo lozungulira bwalo aligwetse, adule mapuloti, atchinge mpanda, kenaka mafakitale abwere ndipo ana athu apeze nchito. Ife amene timathandiza pa wailesi ya m'dera timalimva ganizoli nthawi iliyonse tikatsegula mafoni pa nkhani ya ulova. Nawo akuluakulu a boma ali ndi maloto ofanana. Mu Epulo 2022 Zambia ndi Congo anasainirana pangano loti akhale ndi malo apadera opangirako zipangizo za mabatire a galimoto zoyendera magetsi, ndipo kumbali yathu Ndola ndiyo inatchulidwa. Nchito zimenezo tonse tikuzifuna. Koma matauni athuwa si a dzulo, ndipo mbiri yawo ili ndi mafunso awiri kwa aliyense wobwera ndi mapu a mafakitale. Katundu wopangidwa pamenepo adzagula ndani? Nanga mvula ikagwa pa madenga ndi pa phula, madzi ake adzalowera kuti?

Nchito yoyamba inali yolimbana ndi madzi

Azungu asanafike, dziko lino linali la Alamba. Midzi yawo inkakhala pamtunda pouma m'mphepete mwa madambo, ndipo kudambo ankapitako kukatunga madzi, kulima dimba ndi kumweta udzu wofolera. Pakati pa dambo panalibe womangapo nyumba. Ngakhale dzina la Ndola linachokera ku kamtsinje ka Kandola kamene kamathira mu Kafubu. Boma la atsamunda linakhazikitsidwa pamenepa mu 1904 ndi John Stephenson, mzungu amene anthu anamupatsa dzina loti Chirupula. Njanji inafika mu 1909, n'kudutsa pa mgodi wa Bwana Mkubwa kulowera ku Congo.

Migodi ikuluikulu inabwera pambuyo pake. Roan Antelope wa ku Luanshya unayamba kutulutsa mkuwa mu 1931, Nkana mu 1932, Mufulira mu 1933 ndipo Nchanga mu 1939. Tauni ya Kitwe inakhazikitsidwa mu 1936 pambali pa mgodi wa Nkana kuti amalonda ndi ena osagwira nchito ya mumgodi apeze pokhala. Ndi m'zaka zimenezi pamene azigogo athu ambiri anachoka ku Fort Jameson, ku Katete, ku Petauke ndi ku Nyasaland kudzafuna ndalama ya msonkho kuno.

Amene anafikira ku Luanshya anakumana ndi zoopsa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, mgodi ukukumbidwa, anthu ankafa kwambiri ndi malungo, kamwazi ndi matenda ena, moti mbiri inawanda yoti mumtsinje wa Luanshya muli chinjoka chimene chikutha anthu. Anchito ankathawa. Kampani inaitana Chirupula kuti achititse mwambo wothamangitsa njokayo, koma maliro sanaleke. Chimene chinathandiza ndi malangizo a katswiri wa za malungo Malcolm Watson wa ku Ross Institute ku London. Anawongola mtsinje, kukumba ngalande, kukwirira zithaphwi zimene udzudzu unkaswerana, ndi kukonza madzi akumwa ndi zimbudzi. M'zaka zochepa imfa zinatsika kwambiri ndipo anthu anayamba kubwera ndi mabanja awo. Eni mgodi anawononga ndalama pa ngalande asanagulitse mkuwa wambiri, chifukwa anaona kuti popanda kutero mgodiwo sudzayenda.

Nkhondo imeneyi sinathe. Kuno mvula imagwa mamilimita pafupifupi 1,200 pa chaka, ndipo pafupifupi yonse imagwa pakati pa Novembala ndi Epulo. Mgodi wa Konkola ku Chililabombwe ndi umodzi mwa migodi yamadzi kwambiri pa dziko lonse, ndipo umapopa malita oposa 300 miliyoni tsiku lililonse kuti anthu athe kugwira nchito pansi. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Aliyense amene anagwirako nchito ya mumgodi mwambi umenewu safuna womumasulira.

Fakitale inkatsata wogula

Mgodi ndi chilombo chodya zambiri. Umafuna zitsulo, mabomba ophulitsira miyala, laimu, simenti, mawaya, mapaipi, majombo ndi maovolo. Mafakitale oyamba a kuno anabadwa kuti adyetse chilombo chimenechi. Ku Kitwe kampani ya Scaw inkapanga mipira yachitsulo yoperera miyala ya mkuwa. Ku Kafironda, pafupi ndi Mufulira, ankapanga mabomba a mumgodi. Ku Luanshya ZAMEFA inayamba kusandutsa mkuwa wathu kukhala mawaya. Ndola inapata fakitale yoyenga mkuwa, ya laimu ndi ya simenti chifukwa inali pa njanji ndiponso mwala wa laimu unali pompo. Pamwamba pa izi, anchito a mumgodi zikwizikwi ankalandira malipiro mwezi ndi mwezi, ndipo mabanja awo ankagula sopo, shuga, mowa, nsalu ndi njinga.

Pa 11 Novembala 1965 Ian Smith analengeza ufulu wa azungu a ku Rhodesia. Kufikira nthawi imeneyo katundu wambiri wa m'masitolo athu ankachokera ku Bulawayo, ku Salisbury ndi ku South Africa. Boma la a Kenneth Kaunda linaganiza zoti tizipanga tokha zimene tinkagula kumwera. Pambuyo pa chilengezo cha ku Mulungushi mu 1968, bungwe la INDECO linalowa m'makampani ambiri, ndipo katundu wakunja ankalowa movutikira. Apa ndi pamene Ndola inakulira. Dunlop inkapanga matayala, Rover inkalumikiza magalimoto a Land Rover, Colgate-Palmolive, Johnson & Johnson ndi Lyons Brooke Bond anali ndi mafakitale awo, kunali koyenga shuga ndi kopota thonje. Mpope wa mafuta wa TAZAMA, wotalika makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam, unafika mu 1968, ndipo fakitale yoyenga mafuta ya Indeni inatsegulidwa mu 1973. Onsewa anali ndi msika wotsimikizika: migodi yolemera, anthu amalipiro, ndi malire otseka opikisana nawo.

M'zaka zomwezo muli nkhani imene achinyamata ambiri saidziwa. Inalipo nthawi imene mkuwa wathu unakwera ndeke. Njira ya kumwera itavuta, ndeke za Britain, Canada ndi America zinkabweretsa mafuta a galimoto m'migolo. Kuyambira mu 1966 kampani ya Zambian Air Cargoes inkanyamula mkuwa pa ndeke zikuluzikulu za Hercules kuchoka ku Ndola kupita ku Dar es Salaam, pobwerera n'kutenga mafuta. Bwalo la ku Itawa linali piringupiringu. Koma zimenezi zinali za pangozi, ngati munthu wothawitsa katundu pawindo nyumba ikupsa. Mpope utafika ndiponso msewu wa kumpoto utakonzedwa, kampaniyo inatsekedwa mu 1969. Njanji ya TAZARA itatha kumangidwa mu 1975, panalibenso woganiza zokweza mkuwa ndeke. Mtengo wake sunkalola.

Wogula atasauka

Mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa pa msika wa dziko lonse, pamene mtengo wa mafuta unali utakwera. Dziko linayamba kukongola. ZCCM, imene inapangidwa mu 1982 pophatikiza makampani awiri a migodi, inkasowa ndalama zogulira zipangizo. Mkuwa umene unkapitirira matani 700,000 pa chaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 unatsika kufika pafupifupi matani 250,000 mu 2000, chaka chimene migodi ikuluikulu inagulitsidwa. Anchito a mumgodi anali oposa 60,000 m'ma 1970, koma pofika mu 2001 anatsala pafupifupi 20,000.

Boma la a Frederick Chiluba litalowa mu 1991 linatsegula malire. Katundu wotchipa wa ku South Africa, ku Zimbabwe ndi ku Asia anadzaza masitolo, ndipo salaula anapha mafakitale a nsalu. Makampani akunja anawerengera n'kuona kuti kuli bwino kupangira katundu kwina n'kumangomutumiza kuno. Mmodzimmodzi anazimitsa makina. Dunlop, Colgate-Palmolive, Johnson & Johnson ndi ena anasiya kupanga katundu mu Ndola. Zambia Airways nayo inatsekedwa mu Disembala 1994. Nyumba zina za mafakitale zinasanduka zosungiramo katundu, zina matchalitchi, zina zinangomera udzu. Mabanja ambiri a ku Masala, Kabushi, Chifubu ndi Lubuto akukumbukira chaka chimene atate analandira kalata yowachotsa nchito.

Tiyeni tione bwino chimene chinasowa. Njanji inalipo. Mpope wa mafuta unalipo. Malaiti ndi madzi zinalipo. Bwalo la ndeke linalipo nthawi yonseyi, makilomita owerengeka kuchokera ku mafakitalewo, ndipo silinapulumutse ngakhale imodzi. Amene anasowa ndi wogula. Mafakitale amene anapirira, monga ZAMEFA ndi a simenti, ndi aja amene katundu wawo anapitiriza kufunidwa. Ndipo pamene Dangote inatsegula fakitale ya simenti ku Masaiti mu 2015, inatsata mwala wa laimu ndi msika wa omanga kuno ndi ku Congo.

ZCCM itatha, nchito zina zimene inkagwira m'matauni a migodi zinagwera makhonsolo opanda ndalama. Kugula mankhwala opopera udzudzu, kuzula udzu m'ngalande, kutola zinyalala, zonsezi zinafooka. Ngalande zimene zinakumbidwa kalekale zinadzaza mchenga ndi mapulasitiki. Motero kugwa kwa mafakitale ndi kusefukira kwa madzi m'makomboni ndi nkhani ziwiri zobadwa m'mimba imodzi.

Mpanda ndi chikwangwani

Ganizo lotchinga malo kuti mafakitale abweremo linalowa m'malamulo athu mu 2006, pamene bungwe la Zambia Development Agency linakhazikitsidwa. Malo otere amatchedwa MFEZ, ndipo wolowamo amachotseredwako misonkho ina. Oyamba anali a ku Chambishi, amene analengezedwa mu Febuluwale 2007 pa ulendo wa Pulezidenti Hu Jintao wa ku China. Ku Chambishi zinthu zinayenda. Ng'anjo yaikulu yosungunulira mkuwa inayamba nchito mu 2009 ndipo makampani ena anamanga moyandikana nayo. Chifukwa chake n'chosabisika. Kampani ya CNMC inali itagula kale mgodi wa Chambishi mu 1998, choncho ng'anjo inapeza miyala yoti isungunule, ndipo okonza makina anapeza makina oti akonze. Wogula anayamba kufika, mpanda unabwera pambuyo.

Gulu lomwelo linapatsidwanso malo ena ku Lusaka East, pambali penipeni pa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda, bwalo lalikulu kuposa onse m'dziko muno. Ngati kuyandikana ndi ndeke kukanakhala kokwanira, malo amenewa akanadzaza msanga. Koma kwa zaka zambiri mbali yaikulu inali udzu wokhawokha. Malo a Lusaka South, amene ali kutali ndi bwalo la ndeke, nawonso anayamba mwaulesi, koma misewu ndi malaiti zitafika analandira fakitale ya chimera cha mowa, ya fodya ndi ena opanga zakudya ndi zakumwa. Amenewa anatsata anthu oposa 3 miliyoni a m'chigawo cha Lusaka amene amagula katundu wawo.

Kunja nakonso zitsanzo zilipo. Dziko la Sri Lanka linatsegula bwalo la ndeke la Mattala mu 2013 ndi ngongole ya ku China, poyembekezera kuti mzinda wa mafakitale umera mozungulira. Ndeke zinali zochepa kwambiri moti mu 2015 nyumba zake za katundu anasungiramo mpunga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kodi n'chiyani chimakwera ndeke?

Kunyamula katundu pa ndeke n'kokwera mtengo kwambiri poyerekeza ndi lole, sitima ya pamtunda kapena ya pamadzi. Amakwera ndeke ndi katundu wopepuka koma wodula, kapena wosachedwa kuwonongeka: maluwa, ndiwo zamasamba, mankhwala, miyala ya mtengo wapatali, zipangizo za makina zofunika mwamsanga. Tsono tiwerenge zimene Migodi imagulitsa. Mkuwa umapita pa malole ndi pa njanji ku madoko a Dar es Salaam, Durban, Beira ndi Walvis Bay. Simenti, laimu, asidi, unga, shuga ndi nkhuku zimapita pa msewu kudzera ku Kasumbalesa, Mokambo ndi Sakania, chifukwa wogula wathu wamkulu ali pakhomo pompa, ku Lubumbashi, Likasi ndi Kolwezi. Mzere wa malole umene timauona pa msewu wa ku Chililabombwe ndiwo ukutiuza komwe kuli msika.

Pali chinthu chimodzi cha kuno choyenerana ndi ndeke, ndicho miyala yobiriwira ya emerald ya ku Lufwanyama. Zambia ili m'gulu la maiko otsogola pa miyala imeneyi, koma yambiri imachoka yosasema n'kukasemedwa ku Jaipur m'dziko la India. Kusemera miyala kuno kungapatse nchito achinyamata, ndipo ku Ndola ilipo kale sukulu yophunzitsa luso limeneli. Koma nchito yotere imafuna amisiri, miyala yogulika pa mtengo wabwino ndi nyumba yotetezeka. Sifuna mahekitala mazanamazana a thengo logwetsedwa. Miyala ya ndalama zambiri imakwana m'chikwama chimodzi.

Tikumbukirenso kuti katundu wambiri wa pa ndeke amayenda m'mimba mwa ndeke za apaulendo. Alimi a maluwa ndi ndiwo zamasamba a ku Lusaka amatha kutumiza katundu kunja chifukwa ndeke zikuluzikulu zimatera kumeneko. Kuti bwalo la Ndola lifike pa anthu 1 miliyoni pa chaka, pafunika apaulendo pafupifupi 2,700 tsiku lililonse. Amene anaperekezako mlendo kumeneko anaona yekha mmene nyumba ija imakhalira zii pakati pa ndeke ina ndi inzake. Okwera ndeke ambiri m'Zambia amadutsira ku Lusaka. Ndiponso migodi yatsopano yaikulu, Kansanshi, Lumwana ndi Sentinel, ili kuchigawo cha Kumpoto chakumadzulo, ndipo anthu ake ali ndi bwalo lawo ku Solwezi. Mwini fakitale akafika kuno funso lake loyamba limakhala la malaiti. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, m'makomboni ambiri tinkakhala opanda malaiti mpaka maola 21 pa tsiku, ndipo owotcherera zitsulo ndi a zigayo anangokhala manja lende.

Madzi adzalowera kwa yani?

Bwalo la ndeke limamangidwa pamalo athyathyathya, ndipo kuno ku Migodi malo athyathyathya sakhala kutali ndi dambo. Dambo limagwira nchito ngati thonje. Limamwa mvula ya dzinja, n'kumaitulutsa pang'onopang'ono mpaka m'chilimwe. Mitengo ya m'thengo ndi minda ya paini ya ZAFFICO imene timaiona m'mbali mwa msewu wa ku Kitwe nayo imachedwetsa madzi kuti alowe pansi. Malata, konkire ndi phula sizimwa kanthu. Masamu ake ndi osavuta. Mvula ya milimita imodzi pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. Mvula yamphamvu ya mamilimita 50 ikagwa pa mahekitala 100 ofoleredwa ndi kuwaka, ndiye kuti malita 50 miliyoni akufuna njira nthawi imodzi. Fakitale imatha kudzikweza ndi dothi n'kukumba ngalande yotulutsira madzi kunja kwa mpanda wake. Akatuluka kumeneko amapita kwa amene ali kumunsi.

Kumunsiko timakudziwa. Anthu atachuluka m'matauni pambuyo pa ufulu wa 1964, osauka anamanga pamalo amene anatsala, ndipo malo otsala anali a m'zigwa. Chipulukusu ku Ndola ili m'mphepete mwa dambo la Itawa, ndipo Ipusukilo ku Kitwe ili m'mbali mwa Kafue. M'makomboni otere mvula ikalimbikira nyumba za zidina zimagwa, zimbudzi zokumba zimasefukira, ndipo zonyansa zimalowa m'zitsime zosaya. Kolera amayambira pamenepo. Masiku ano mapuloti akudulidwanso m'madambo momwe, ndipo omangamo si osauka okha.

Ndola ili ndi vuto linanso. Mbali zina za tauniyi zili pamwamba pa mwala wa laimu wokhala ndi mapanga ndi ming'alu. Nyanja ya Chilengwa, kum'mawa kwa tauni, inapangika pamene nthaka inatitimira m'mwala wotere. Madzi amene timamwa amachokera ku Itawa, ku damu la Kafubu ndi ku zitsime zakuya za ku Misundu. Mafuta kapena mankhwala a fakitale akalowa pansi pamalo otere amayenda msanga ndipo kuwachotsa n'kovuta. Ngakhale maiwe osungiramo madzi a mvula amafuna nzeru akakhala pafupi ndi bwalo la ndeke, chifukwa madzi oima amaitana mbalame, ndipo mbalame ikalowa mu injini ya ndeke ndi ngozi.

Kuti fakitale yeniyeniyo ingamire, funsani a ku Durban. Fakitale ya Toyota ya ku Prospecton ili pachigwa, pafupi ndi bwalo lakale la ndeke la mzindawo. Mu Epulo 2022 chigumula chimene chinapha anthu oposa 400 chinadzaza matope m'fakitaleyo, ndipo panapita miyezi pafupifupi inayi isanabwerere pa nchito mokwanira. Ku Thailand mu 2011 madzi anamiza malo asanu ndi awiri a mafakitale kumpoto kwa Bangkok n'kutseketsanso bwalo la ndeke la Don Mueang. Malo amenewo anasankhidwa chifukwa anali athyathyathya ndi otchipa, pamene kale anali minda ya mpunga.

Zathu za kuno n'zowawa kuposa pamenepo. Pa 25 Sepitembala 1970, matope a zotsalira za mgodi amene anaunjikidwa pamwamba anaboola nthaka n'kulowa mumgodi wa Mufulira. Anthu 89 anafa. Kumapeto kwa Novembala 2023 mvula yamphamvu inadzaza madzi ndi matope m'maenje a ku Sensele ku Chingola, ndipo ambiri mwa okumba amene anali m'katimo sanatuluke amoyo. Pa 18 Febuluwale 2025, m'kati mwa dzinja, damu la zotsalira la kampani ya Sino-Metals ku Chambishi linagumuka. Ofufuza oyamba anati malita pafupifupi 50 miliyoni a madzi a asidi analowa mumtsinje wa Mwambashi n'kutsikira mu Kafue. Nsomba zinafa, minda ya m'mbali mwa mtsinje inapserera, ndipo a Nkana Water anatseka mipope ya Kitwe, tauni ya anthu oposa 600,000. Asilikali ankathira laimu mumtsinje kuchokera m'ndeke. Izi zinachitika ku Chambishi komwe kuja timakutchula ngati chitsanzo cha malo a mafakitale oyenda bwino. Kumeneko funso la wogula linayankhidwa, koma la madzi linatsalira.

Zoti tifunse mapu akabwera

Bwalo la ndeke lamangidwa kale ndipo ndi lathu. Ngongole yake ndi yathunso. Mu Novembala 2020, bwaloli likumangidwa, Zambia inalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni pa ngongole ina yakunja, ndipo zokambirana zokonzanso ngongole za dziko zinatenga zaka. Ndalama iliyonse yopita ku msewu, mapaipi ndi mapolo a malaiti a malo opanda fakitale ndi ndalama imene sinapite ku ngalande za ku Chipulukusu kapena ku chipatala.

Tsono wobwera ndi mapu atiuze maina a makampani amene asaina kuti adzamanga, chimene adzapanga, ndi kumene adzachigulitsa. Atiuze ngati katunduyo adzakwera ndeke kapena lole. Ngati ndi lole, afotokoze chifukwa chogwetsera thengo pamene malo akale a mafakitale ku Ndola ndi ku Kitwe ali ndi njanji, misewu ndi nyumba zongokhala, komanso nchito yokulitsa msewu wa Lusaka ndi Ndola inayambika kale. Fakitale ya Indeni inasiya kuyenga mafuta, ndipo mbali imeneyo ya tauni ikufuna moyo watsopano. Atiuzenso amene adzalipira ngati mapuloti akhala zaka khumi opanda munthu.

Pa za madzi, ationetse pamapu pamene pali dambo ndi timitsinje, pamene ngalande yaikulu idzathira, ndi midzi kapena makomboni amene ali kumunsi kwake. Atchule amene azidzachotsa mchenga m'ngalandemo chaka ndi chaka, ndi kumene ndalama yake izidzachokera. Mafunso amenewa malamulo amatilola kufunsa. Lamulo la za chilengedwe la 2011 limafuna kuti nchito yaikulu iunikidwe ndi bungwe la ZEMA isanayambe, ndipo anthu okhudzidwa apereke maganizo awo. Bungwe la WARMA limayang'anira mitsinje ndi madzi a pansi. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga wa boma linasainidwa mu Disembala 2023. Makhansala athu ndi makomiti a chitukuko a m'mawadi ali ndi udindo wobweretsa mapepala amenewa kwa anthu m'chilankhulo chimene akumva, kaya Chibemba, Chilamba kapena Chinyanja.

Pempho lathu lomaliza ndi laling'ono. Misonkhano yoonetsa malo kawirikawiri imachitika m'chilimwe, udzu utapsa, nthaka ili gwa, galimoto zikufika paliponse. Mu Okutobala dambo limaoneka ngati bwalo la mpira. A khonsolo, a ZEMA ndi eni ndalama akafuna kuona malo ozungulira bwalo la ndeke, apite mu Febuluwale atavala majombo, ndipo atenge amayi olima madimba kumeneko kuti awalozere pamene madzi amafika.